Mowa Ndiwo Umalipira Sukulu ya Loya

Lolemba, 3 Malichi

Zoti zithe kaye, zina zonse pambuyo:

1. Amisiri kwa dokotala wa maso Lachinayi. Ndipite nawo. Amuna angawa akapita okha amabwerako ndi mawu awiri basi, "zili bwino".
2. Kalata yawo yosiyira ntchito yowotcherera zitsulo. Ndinawalembera kale, ili m'kabati. Asaine, akapereke kwa abwana awo.
3. Ndalama ya mayeso ya mwana wathu Loya. Kusukulu asiya kulandira pa 21.
4. Mlongo wanga. Maso achita chikasu, mimba yatupa. Akuti ndi malungo. Si malungo.
5. Ineyo ndizigonako.

Mwezi uno ndi umene takhala tikuulozera kwa zaka zoposa khumi. Masheya pang'onopang'ono, m'makampani amene amagawira eni ake phindu chaka ndi chaka. Phindulo osadya, kuguliranso masheya ena. Nsapato zosoketsa kawiri. Anzanga ku labotale ya chipatala anagula magalimoto, ine ndikadali wa pa basi. Pangano linali limodzi: phindu likadzafanana ndi malipiro a Amisiri, iwo atule chigoba chowotcherera, maso awo apume. Malipiro anga akhalabe a chakudya, basi ndi mankhwala a amayi, ngati kale.

Pepala la pa chitseko cha firiji ladzaza tsopano. Kumanzere zolipira, kumanja kampani yolipira. Lendi, kampani ya mafoni. Magetsi ndi madzi, ya simenti. Zogwa mwadzidzidzi, banki. Sukulu ya Loya, ndi koleji chaka chamawa akakhoza, kampani yofulula mowa, imene imagawa kuposa zonsezi.

Ndawerengeranso pa nthawi ya nkhomaliro. Zikukwana. 

Lachinayi, 6 Malichi

Zipatala ziwiri tsiku limodzi.

M'mawa kwa dokotala wa maso. Diso lamanzere latha theka, silibwereranso. Lamanja likhoza kupulumuka. Ndinafunsa ngati angamawotcherere pang'ono, mwina masiku atatu pa sabata. Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Sindinanene kuti achepetse, mayi. Ndati asiye."

Pa khomo potuluka Amisiri akuti dokotalayo ndi wokongola, diso lawo labwino latsimikiza. Ndinawatsina. Kenako, atasiya kuseka, anandipempha kuti Loya asadziwe kuti zafika pamenepa mpaka alembe mayeso. Ndavomera.

Masana mlongo wanga. Ndinachita kukamutenga pa shopu yake, atagona pa mulu wa nsalu za eni ake, makina osokera ali chete. Amugoneka ku wodi ya amuna, kuchipatala kwathu komwe. Magazi ake sindinayeze ndine, malamulo salola, anayeza ndi mnzanga. Anangondipatsa pepala n'kupita kukasamba m'manja nthawi yaitali. Chiwindi. Manambala ngati amenewa ndimawaona sabata iliyonse, koma pamwamba pamakhala dzina la mlendo.

Mwana amene ndinamubereka kumsana. Telala wa luso m'dera lonse lino, akakhala kuti sanamwe.

Sopo watha. Babu la m'bafa lapsa.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinamutenga Loya kukaona amalume ake. Anachita kundikakamiza ndi iyeyo. Dzina la Loya anamupatsa ndi amalume akewo, ali kamwana, chifukwa chotsutsa chilichonse, ngakhale nthawi yogona. Mayunifomu ake onse chiyambire sukulu anasoka ndi iwowo, osalandira kanthu.

Loya ankaika zovala zochapa m'kabati ya pambali pa bedi. Anapeza sokosi yolemera. M'kati kabotolo, kotsala theka. Anzake a mlongo wanga a pa shopu anabweretsa dzulo, ati kudzazonda wodwala. Chizindikiro cha pa botolo ndi chomwe chili pa chikuto cha lipoti la kampani ya mowa ija limene limakhala pa shelefu yathu, pafupi ndi wailesi.

Loya anangoima, botolo m'manja, misozi mbwee. Ndiye mlongo wanga, pofuna kumuseketsa: "Usalire, Loya. Sukulu yako walipira ndine, botolo ndi botolo. Ukakhoza udzandithokoze ine, osati amayi akowa."

Wodi yonse inafa nacho chiseko. Wodwala wa bedi la pafupi mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka.



Lolemba, 10 Malichi

Emvulopu ya ndalama ya mayeso ndaipeza pa tebulo pomwe ndinaisiya m'mawa, itatsamiritsidwa pa mtsuko wa shuga. Loya sanaiiwale ayi.

"Ndalama ya chiwindi cha amalume sindilembera mayeso."

Ndinamufotokozera bwinobwino, mfundo ndi mfundo. Kuti gawo lathu m'kampaniyo ndi kadontho chabe. Kuti tikagulitsa wina agula, fakitale siyitseka ngakhale ola limodzi. Kuti ife sitinathire mowa m'kamwa mwa munthu. Kuti ndalama ikalowa ku banki imasakanikirana, palibe ya mowa kapena ya simenti.

Anandimvetsera mpaka kumaliza. Kenako analoza firiji. "Munalemba nokha, amayi. Ine sindinalembe."

N'zoona. Ndinalemba ndine. Ndinkafuna kuti mwana amvetse chifukwa chake sitigula zimene anzake amagula, aone ndi maso kuti kampani iliyonse ili ndi ntchito yake m'nyumba muno. Anamvetsa kwambiri. Ali sitandade wani ankabayibitsa lole ya mowa ikamadutsa, akufuula kuti galimoto ya sukulu yake. Anthu pa siteji ankatiyang'ana, ine n'kumanyadira kuti ndili ndi mwana wochenjera.

Mutu. Mapiritsi awiri. Amisiri akuti timusiye, zimuthera zokha. Mwana wawo samudziwa kodi?

Lachitatu, 12 Malichi

Nzeru zanga za dzulo: ndinalemba pepala latsopano. Mowa uzilipira lendi, mafoni azilipira sukulu. Ndinalemba bwino, ndi rula, n'kumata pa firiji. Ndinadzimva kuti ndine munthu wophunzira.

Loya analiwerenga akumwa madzi. "Ndiye kuti tsopano ndizigona mu mowa?"

Amisiri anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ayi.

Lero pa nkhomaliro ndaimbira mayi wa ku ofesi yogulitsa masheya, yemwe watithandiza kuyambira pachiyambi. Ndamufunsa kuti tikagulitsa a mowa onse n'kugula ena, tingapeze chiyani. Akuti zimene zilipo panopa zikugawa mwina theka lake. Anandifunsa ngati ndamva mphekesera yoipa ya kampaniyo. Ndinati ayi, ndi nkhani ya pakhomo. Anangoti, "Zimachitika."

Ndawerengera pa kapepala ka labotale, kenako pa foni, kenako pa kapepala kena. Yankho limodzimodzi. Tikagulitsa, koleji siikwana. Kuti ikwane, Amisiri awotcherere zaka zina ziwiri. Diso lamanja zaka ziwiri silifika.

Kalata ija ikadali m'kabati. Sanasaine.

Ndinasokoneza machubu a odwala awiri masanawa. Ndinazindikira msanga, ndisanalembe kanthu. Chiyambire ntchito sizinandichitikirepo.

Loweruka, 15 Malichi

Amisiri abwera masana maso ali psuu, misozi ikungotsika yokha. Anagona pa sofa n'kuika tizidutswa ta mbatata yaiwisi pa zikope, monga amachitira owotcherera onse. Mankhwala a dokotala ali m'thumba la jekete, osatsegula. Pothira tiyi anaphonya kapu, n'kuthira pa nsalu ya pa tebulo. Akuti kapuyo inasuntha.

Atagona choncho, mbatata kumaso, akuti: "Gulitsani, mayi a Loya. Zaka ziwiri si kanthu. Zitsulo ndimazidziwa ngakhale nditatsinzina."

Ndinakalipa. Sindikumbuka zonse. Ndinanena za zaka zimene ndavala juzi imodzi, za maulendo amene sitinapite, za mwana wachiwiri amene tinati tidikire kaye mpaka nthawi inatha. Zonsezo kuti iwo afike pa mwezi uno akuona. 

Loya anatulukira m'chipinda mwake kudzaona phokoso. Ndipo ndinamuuza. Osakuwa ayi, ndinamuuza mofatsa, ngati mmene ndimawerengera zotsatira kwa dokotala. Diso lamanzere chakuti, lamanja chakuti. Mowa ukagulitsidwa, bambo ako abwerera ku moto uja zaka ziwiri. Sankha wekha.

Amisiri anachotsa mbatata kumaso n'kundiyang'ana ndi diso lawo labwino lija.

Ndinawalonjeza sabata yatha yomweyi kuti sindimuuza.

Lolemba, 17 Malichi

Risiti ya kusukulu pa tebulo. Loya walipira.

Ndapambana.

Lachisanu, 21 Malichi

Nyumba yazizira. Loya amadzuka, amasesa, amatsuka mbale osatumidwa. "Inde, amayi." "Chabwino, amayi." Dzulo ndinanena dala kuti mvula igwa pomwe kumwamba kunali mbee, kuti mwina anditsutse. Anati inde, n'kutenga ambulera.

Firiji amatsegula atayang'ana kumbali. Ndinachotsapo pepala lija Lachiwiri, koma akuyang'anabe kumbali. Kwa bambo ake amayenda monyang'ama ngati m'chipinda cha wodwala, amawasunthira kapu pafupi ndi dzanja. Iwo zikuwapweteka, ndikuona. Kuchipatala Loya sanapitenso.

Mlongo wanga wafunsa za iye kawiri. Mutu wake wayera tsopano, manja okha akunjenjemera. Mimba amupopa madzi Lachitatu. Lero ndinamuuza zonse, poti anaumirira. Anasewera ndi ulusi wa bulangeti. Kenako: "Achemwali, musagulitse chifukwa cha ine. Ine ndikanamwa ngakhale wa m'chigubu cha petulo." Ndiponso, nditanyamuka kale: "Koma nthabwala ija ndinaiponya pa mwana wolakwika."

Ndipo lero lomwe, ngati kundiseka, uthenga wa ku kampani ya mowa. Phindu la chaka chino alikweza. Zaka zonsezi tsiku lotere ndimagula keke pobwera ku ntchito, atatufe n'kudya ndi manja pa tebulo, Amisiri akulankhula ngati wapampando wa kampani. Ndinawerenga lipoti pa basi, monga mwa chizolowezi changa, tsamba ndi tsamba. Akuti malonda akwera makamaka chifukwa cha timabotolo ting'onoting'ono totsika mtengo. Tokwana m'sokosi.

Chaka chatha chiganizo chofanana ndi chimenecho ndinachidula mzere pansi ndi cholembera chofiira, n'kulemba m'mbali kuti "zabwino".

Ndinadutsa pa shopu ya keke. Ndinaimapo. Ndafika kunyumba ndi sopo ndi babu.

Lamulungu, 23 Malichi

Loya atapita kwa mnzake kukawerenga, Amisiri anandiitana kukhitchini. Chikhalireni m'banja, oitanitsa msonkhano ndimakhala ine. Ndinakhala pansi ngati mwana wa sukulu.

Choyamba: "Ndinakupemphani kuti musamuuze. Mwamusenzetsa maso anga pamutu, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri." Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Chachiwiri, kalata ija anasaina, anapereka Lachisanu. Mwezi ukatha sagwiranso moto, zivute zitani. Koma anapempha abwana awo kuti awasiye pa ntchito ina pomwepo: kusunga stolo ya zipangizo, kuyeza mageti ndi mawindo kwa makasitomala, kuwerengera mitengo. Malipiro mwina theka. Wa ku stolo amene alipo akupita kwawo mwezi wamawa. Abwana akuti aganize kaye, pali mphwawo wa akazi awo amene akufunanso malowo.

Chachitatu, tigulitse masheya a mowa.

Ndinathamangira cholembera. Ndi theka la malipiro, kuphatikiza phindu la masheya atsopano, koleji ikukwana, mothina koma ikukwana. Popanda theka limenelo, ayi. Tingasamukire nyumba ya chipinda chimodzi, kapena kuyamba kudya masheya enieniwo, chinthu chimene ndinalumbira kuti sindidzachita.

Ndinati chabwino, abwana akayankha tigulitsa. Amisiri anapukusa mutu. Akuti abwanawo kuganiza kwawo kumatenga mwezi, ndipo mwana akulowa m'mayeso ali chonchi, amalume ake ali chigonere akumudikira. "Inu mumafuna chitsimikizo pa chilichonse. Nditakufunsirani munandiyankha patapita miyezi inayi, mutafufuza ngati kwathu kuli matenda a shuga."

Si zoona. Inali miyezi itatu, ndipo ndinafufuza za mtima.

Ndinawauza kuti umenewu si ufulu umene tinapangana. Tinati adzapuma, azidzaweta nkhunda zawo, osadzukiranso belu la munthu. Iwo akuti ufulu wa theka ndi ufulu ndithu, ndipo munthu wokhala pakhomo tsiku lonse ndi ine angafe msanga kuposa wowotcherera.

Sindinavomere. Sindinakanenso. 

Lolemba, 24 Malichi

Abwana chete.

Ndinatsegula foni kuti ndiimbire mayi wa masheya, ndinatseka. Kanayi kapena kasanu.

Ku wodi pa nkhomaliro. Mlongo wanga wapempha singano ndi ulusi, akuti thumba la yunifomu ya namwino wina lang'ambika ndipo likumupweteka m'maso. Ulusi walephera kulowetsa pa singano, ndinamulowetsera ine. Wasoka mokhota. Namwino wathokoza ngati wapatsidwa diresi la ukwati. Ndikuchoka, mlongo wanga anandifunsa ngati yunifomu ya Loya ikumukwanabe m'mapewa.

Madzulo Loya wandifunsa ngati ndikufuna tiyi. "Ndikuthireni, amayi?" Ngati wantchito wa mu hotela.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndagulitsa. Onse.

Ndinapita ndekha ku ofesi m'mawa, ndisanalowe ntchito. Mayi wa masheya anandichonderera kuti ndidikire milungu iwiri yokha, dzina lathu likhalebe m'kaundula pa tsiku lowerengera eni masheya, tilandire phindu lokwezedwa lija kenako tigulitse. "Mukusiya ndalama pa tebulo, mayi, inuyo amene mumandifunsa za tambala iliyonse." Ndikudziwa. Ndinaiwerengera usiku wonse, ndikuidziwa mpaka kumapeto kwake. Koma ndikanakalowa nayo bwanji m'nyumba? Ndikanailemba kuti ikulipira chiyani?

Ndinasaina mokhota. Siginecha yanga anachita kuifananiza kawiri ndi yakale.

Abwana sanayankhe. Ndachita chinthu chachikulu chotere popanda yankho m'manja. Ine. 

Loya ndamuuza atangofika kuchokera kusukulu, chikwama chikadali kumsana. Ndinamuuza zonse, za stolo, za theka la malipiro, za nyumba ya chipinda chimodzi ngati zikanika. Ndinamuuzanso kuti za Loweruka lija ndinalakwa, maso a bambo ake si katundu wake. Ndinkayembekeza misozi, mwina kundikumbatira.

Anakwinya nkhope. "Ndiye mwagulitsa kwa ndani? Si ndiye kuti mwangopatsira munthu wina kuti azidya za amalume?" Kenako kuti bwanji sitinamufunse, poti pa msonkhano wa banja aliyense ali ndi voti. Kenako kuti kampani ya simenti nayo imawononga mapapo a anthu, anawerenga penapake, tikambirane Lamulungu.

Ndinamuuza kuti akayerekeza kukhudza simenti azikawerengera pa kandulo. Tinakangana mpaka mpunga unapserera. Amisiri atalowa anaima pa khomo kumvetsera, kenako anapita kukasamba akuimba mluzu.

Mawa Loya akuti apita nane ku wodi. Watenga yunifomu yake yakale, ya m'mapewa mothina, akuti amalume akaione ngati ingafutukulidwe.

Lachinayi, 27 Malichi

Ndalama ya masheya yalowa. Ndagula a banki ndi a kampani ya inshuwalansi, monga tinagwirizana. Ndawerengeranso. Popanda stolo sizikukwana, ngakhale ndiwerengere chododometsa.

Eni nyumba akufuna kudziwa pofika pa 1 ngati tikhalemo chaka china. Ndakaona ya chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Zenera limodzi, loyang'ana khoma. Loya angawerengere pati?

Amisiri atsala ndi mawa, Loweruka ndi Lolemba. Dzulo anakumbutsa abwana, akuti anangoti "tiona, tiona" akulowa m'galimoto. Mphwawo wa akazi awo uja anaoneka pa stolo masana, akuyang'anayang'ana mashelefu.

Nambala ya abwanawo ndaitenga m'foni ya Amisiri iwo ali kubafa. Sindinawalemberepo chikhalire. Ndalemba uthenga, ndafufuta, ndalembanso, kuchotsa manambala onse ndi mfundo zisanu zimene ndinayamba nazo. Chatsala ndi ichi, ndipo ndatumiza ndisanayambe kuganiza:

Bwana, ndine mkazi wa mmisiri wanu wamkulu. Akugwirirani ntchito zaka zambiri ndipo maso awo athera pa mageti anu. Stolo amaidziwa kuposa aliyense. Kaya ndi inde kaya ndi ayi, chonde tiyankheni msanga, mwezi ukutha Lolemba.

Foni ikuonetsa kuti awerenga.